Alangizi opanda thumba la ndalama: mbiri ya National Knowledge Commission ya ku India

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, ndipo ndati ndikutengereni ku India. Musathawe ayi. Ndikudziwa kuti ena mukangomva dzina la dzikoli mumaganiza za mafilimu ovina aja, ena mankhwala a m'mafamase, enanso abale amene amapita kumeneko kukachitidwa opaleshoni. Yanga ndi mbiri ya kabungwe ka anthu asanu ndi atatu kamene sikanakwanitse n'komwe zaka zinayi, koma kanapatsidwa ntchito yolangiza boma mmene dziko la anthu oposa 1 biliyoni lingamadyere nzeru za anthu ake.

Bungweli linali National Knowledge Commission, ndipo linakhazikitsidwa pa 13 June 2005 ndi nduna yaikulu ya dzikolo, a Manmohan Singh. Pajatu ku India mphamvu zoyendetsa boma zimakhala ndi nduna yaikulu, pulezidenti amangokhala ngati mkulu wa pamwambo. A Singh anali katswiri wa zachuma, ndipo ndi omwe mu 1991, ali nduna ya zachuma, anamasula malonda a dzikolo pamene boma linatsala pang'ono kulephera kulipira katundu wochokera kunja. Pofika 2005 chuma chinkakwera, makampani a za makompyuta a ku Bangalore ankatchuka dziko lonse lapansi. Koma kalembera wa 2001 anali ataonetsa kuti mwa anthu 100 aliwonse, 35 sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo mwa amayi pafupifupi theka anali asanatsegulidwe maso. Dziko limodzi, nkhope ziwiri. A Singh ankaona kuti achinyamata ndi ochuluka zedi, ndipo akapanda kuphunzira, kuchulukako kusanduka mtolo m'malo mokhala mpamba.

Wapampando amene anasankhidwa anali a Sam Pitroda, ndipo munthu ameneyu ndiyenera kumuimira pang'ono. Anabadwa mu 1942 m'tauni yaing'ono ya Titlagarh m'chigawo cha Odisha, bambo awo anali kalipentala. Eni ake amanena kuti foni anaigwiritsa ntchito koyamba atafika ku America, kumene anapita kukaphunzira ku Chicago mu 1964. Kumeneko analemera ndi luso la zamatelefoni lomwelo. Atabwerera kwawo anathandiza kuyambitsa bungwe la C-DOT mu 1984, limene linapanga makina a telefoni opirira kutentha ndi fumbi la m'midzi ya ku India, ndipo anakhala mlangizi wa nduna yaikulu ya nthawiyo, a Rajiv Gandhi. Dzina lawo limatchulidwa kwambiri pa nkhani ya timanyumba tachikasu toimbiramo foni timene tinadzaza m'misika ndi m'misewu ya dzikolo. Inu amene munakula m'nthawi ya mabyuro a foni, muja tinkaima pamzere kuwerengera mamineti, mwamva chimene ndikunena. Ndiye munthu wake anali wozolowera kuti akaganiza chinthu, chizichitika.

Ena asanu ndi awiriwo analinso mikhalakale pa ntchito zawo. Wachiwiri kwa wapampando anali a P.M. Bhargava, wasayansi amene anayambitsa malo a kafukufuku wa zamoyo ku Hyderabad. Panali a Nandan Nilekani, mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya Infosys, ndi a Ashok Ganguly amene anatsogolerapo kampani ya Hindustan Lever. Panali a Deepak Nayyar, amene anali mkulu wa University of Delhi, sukulu yomwe ija malemu Bingu wa Mutharika anaphunzirako zachuma. Panalinso a André Béteille, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, a Pratap Bhanu Mehta, katswiri wa zandale, ndi a Jayati Ghosh, katswiri wa zachuma amene anali mayi yekhayo pagulupo. Mwaona? Maprofesa ndi mabwana a makampani okhaokha. Mphunzitsi wa pulayimale panalibe, mlimi panalibe, wogulitsa pamsika ndiye musachite kufunsa. Ndibwereranso pamenepa.

Chofunika kumvetsa n'chakuti bungweli silinali unduna. Linalibe sukulu ngakhale imodzi yoti liziyendetsa, silinkagawa ndalama za maphunziro, silikanatha kuchotsa munthu ntchito. Ntchito yake inali kumemeza akatswiri, kukambirana, kenako n'kulembera nduna yaikulu kalata ya malangizo. Basi. Kalatayo ikafika, maunduna ndi amene ankasankha chochita nayo. Ife a mumsika zotere timazidziwa. Komiti ya msika imakhala pansi, imagwirizana kuti pakufunika zimbudzi ndi madzi, imalemba kalata yabwino, tcheya n'kusayina. Koma ndalama ya chiphaso imene timadula tsiku ndi tsiku ili m'manja mwa ena. Tsono ndikamawerenga mbiri ya bungweli, funso langa silikhala loti kodi malangizo ake anali anzeru. Anali anzeru ndithu. Ndimafunsa kuti ndi ati amene eni thumba anawalola kudutsa, ndipo ndi ati amene anawakhalira.

Chaka chisanathe n'komwe, bungweli linagunda mwala, ndipo mwalawo unali kota. Inde, mawu omwe aja amene kwathu kuno amautsa mapiri pachigwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kota yathu ya ku yunivesite inkayang'ana boma limene mwana akuchokera, pomwe ya ku India imayang'ana gulu limene munthu anabadwiramo, chimene amati caste. Kwa zaka mazanamazana anthu kumeneko anagawidwa m'magulu a pamwamba ndi a pansi motengera kubadwa, ndipo a pansi penipeni ankatengedwa ngati odetsedwa, osaloledwa kutunga pachitsime chimodzi ndi anzawo kapena kukhala nawo m'kalasi. Malamulo aakulu a dzikolo, amene anayamba kugwira ntchito mu 1950 ndipo amene anatsogolera powalemba anali a B.R. Ambedkar, munthu wochokera m'gulu loponderezedwalo, analetsa tsankho limeneli. Pofuna kukonza zinthu, boma linayamba kusungira malo a sukulu ndi ntchito: malo 15 pa 100 aliwonse kwa a m'magulu a pansiwo, ndi 7.5 kwa mitundu ya anthu a m'mapiri ndi m'nkhalango.

Koma panali magulu ena ambiri a pakati, osauka ndi otsalira, amene sankawerengedwa. Lipoti la Mandal Commission la 1980 linati amenewa asungiridwe malo 27 pa 100. Linagona m'kabati zaka khumi, ndipo boma la a V.P. Singh litalitulutsa mu 1990 kuti ligwire pa ntchito za m'boma, kunabuka zipolowe moti ophunzira ena anadziyatsa moto. Ndiye taganizani, mu April 2006 nduna yoona za maphunziro, a Arjun Singh, inalengeza kuti 27 ija ilowanso m'masukulu apamwamba a boma, kuphatikizapo ma IIT a zauinjiniya, ma IIM a zamalonda ndi sukulu ya madokotala ya AIIMS ku Delhi. Kuphatikiza ndi 22.5 yakale ija, malo osungidwa anafika 49.5 pa 100. Amenewa ndi masukulu amene mwana akalowamo banja lonse latuluka mu umphawi, ndipo anthu amalimbirana malo ake modetsa nkhawa. Ophunzira zaudokotala ananyanyala, ena anasala kudya, zipatala zina ntchito zinasokonekera.

Bungwe la alangizi lija linakumana mu May 2006, ndipo anthu asanu ndi mmodzi anati ganizo la ndunayo lisachitike momwe analikonzeramo. Awiri, a Bhargava ndi mayi Ghosh, anali kumbali ya kota. Ndunayo sinabise kuti alangiziwa ikuwaona ngati anthu olowerera zosawakhudza, ndipo mwezi womwewo a Béteille ndi a Mehta anatula pansi udindo. Awiriwa sankakana kuti tsankho lilipo. A Béteille moyo wawo wonse analemba za tsankho lomwelo. Dandaulo lawo linali lakuti boma lasankha njira yachidule yokokera mavoti, ndipo likulowerera ufulu wa masukulu wodzisankhira okha njira zothandizira ovutika. Chaka chotsatira a Bhargava nawonso anachoka atasemphana ndi a Pitroda. Anthu atatu mwa asanu ndi atatu, m'zaka ziwiri zokha.

Kota ija inadutsa. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lake kumapeto kwa 2006, ndipo mu April 2008 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linati n'zololedwa, pokhapokha ana a anthu olemera a m'magulu amenewo asapindule nawo. Chimene chinandigwira mtima ndi mmene anaziziritsira mkangano. Anagwirizana kuti malo m'masukuluwo awonjezedwe ndi 54 pa 100, kuti amene akulowa popanda kota asachepekeredwe malo ngakhale amodzi. Kunena kwina, m'malo mokangana kuti ndani adye nsima ya m'mbale yaing'ono, anatereka mphika wokulirapo. Kwathu kuno kota inayamba m'nthawi ya Kamuzu, khoti linaikana mu 1993, inabwerera m'nthawi ya Bingu ndipo inachotsedwa mu 2020, koma nthawi yonseyo tinkakanganira mbale yomweyo.

Mukandifunsa mbali yanga pa mkangano wa alangiziwo, ndikuuzani mosabisa: ndili ndi awiri aja. Mfundo za asanu ndi mmodziwo ndikuzimva, ndipo n'zoona kuti andale amakonda zinthu zooneka msanga. Koma n'zosavuta kunena kuti tidikire njira yabwino iwe utalowa kale m'nyumba. Amene waima panja mvula ikumunyowetsa amamva mawu oti dikira mwamtundu wina. Bungwe limene linabwera kudzakamba zoti nzeru zifikire aliyense linapezeka kuti mawu ake oyamba kumveka m'dziko lonse anali okana kutsegulira chitseko anthu otsalira. Kaya linkalondola kaya ayi, kuyambira pamenepo unduna wa zamaphunziro unapeza ndodo yolimenyera, yoti ndi kagulu ka anthu apamwamba.

Ngakhale zinali choncho, makalata sanaleke. Kumapeto kwa 2006 bungweli linatumiza malangizo ake otchuka kwambiri, a maphunziro apamwamba. Linati dziko lili ndi mayunivesite pafupifupi 350 okha, ndipo achinyamata amene amafikako ndi pafupifupi 7 pa 100. Linati pofika 2015 pakhale mayunivesite 1,500 ndipo ofikako akhale 15 pa 100. Anthu ena anaseka, eti maloto a chumba. Pofika 2015 mayunivesite anali pafupifupi 800, theka la chiwerengero chija, koma ophunzira anadutsa kale mlingo wa 15 uja. Masiku ano aposa 1,100. Vuto n'lakuti ambiri mwa atsopanowo ndi a anthu abizinesi, ena abwino, ena ongotolera fizi. Katundu akamayenda malonda, feki amalowerera. Sindikunena zachilendo kwa aliyense amene anagulapo tchaja pamsika.

Alangiziwo zimenezi anaziona zisanachitike, n'chifukwa chake m'kalata yomweyo anapempha kuti pakhale bungwe limodzi loima palokha, losalamulidwa ndi unduna, loti lizipereka chilolezo chotsegulira yunivesite ndi kuyang'anira ubwino wa maphunziro. Nthawiyo ntchitoyi inali yogawikana: University Grants Commission ya 1956 inali ndi gawo lake, a zauinjiniya anali ndi bungwe lawo, a zaudokotala lawo, a zamalamulo lawo, ndipo pamwamba pa onse panali unduna. Tsono taonani chimene ankapempha. Ankauza unduna ndi mabungwe onsewo kuti asiye sitampa imene anthu amawagwadira nayo. Ndani angavomere zimenezo akumwetulira? Komiti ina, yotsogoleredwa ndi wasayansi Yash Pal, inanenanso zofananako mu 2009. Bilu inalembedwa, inafika ku Nyumba ya Malamulo mu 2011, koma sinakhale lamulo.

Zimene zinadutsa mosavuta ndi zija zosalanda munthu mpando. Chachikulu pa zonse chinali National Knowledge Network, imene boma linavomereza mu 2010 ndi ndalama za dzikolo pafupifupi ma rupee 60 biliyoni, yolumikiza mayunivesite ndi malo a kafukufuku oposa 1,500 ndi intaneti yothamanga kwambiri. Nthambo sizikangana ndi munthu, ndipo a Pitroda nkhani za nthambo ndiye kudya kwawo. Ganizo lotukula malaibulale nalonso linavomerezedwa, kungoti linayenda ngati nkhono: ndondomeko yake inakhazikitsidwa mwamwambo mu 2014, bungwe limene linaipempha litatha kalekale.

Ife okonda zolembalemba, pali chimodzi chimene chiyenera kutikhudza kuposa zina. Bungweli linaona kuti mabuku ambiri a ku koleji, a sayansi, zachuma, zamalamulo, ali m'Chingerezi, pomwe ana ambiri amakula akuyankhula Hindi, Tamil, Bengali, Telugu ndi zinenero zina. Linati boma liyambe ntchito yomasulira mabukuwo, ndipo mu 2008 kunabadwa National Translation Mission, imene ili ku Mysore, yomasulira mabuku a maphunziro m'zinenero 22 zovomerezeka ndi malamulo a dzikolo ndi kuphunzitsa anthu ntchito yomasulira. Bungwe lomwelo linatinso Chingerezi chiziphunzitsidwa kuyambira kalasi yoyamba, chifukwa mwana wa wosauka akachisowa amatsekeredwa ntchito zabwino. Koma mvetsetsani apa. Linati chiphunzitsidwe pamodzi ndi chinenero cha mwanayo, osati kuchilowa m'malo. Mwana akwere kupita kumene kuli mabuku, mabukunso atsike kubwera kumene kuli mwana. Muyerekeze nokha ndi zimene zinalengezedwa kwathu kuno mu 2014, zoti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira sitandade 1, kenako mudzifunse kuti buku la sayansi la m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao munaliona liti.

Pali chimodzi chodula chimene chinadutsa, ndipo apa ndiwapatse ulemu alangiziwa. Mu 2002 malamulo aakulu a India anasinthidwa kuti maphunziro a ana a zaka 6 mpaka 14 akhale ufulu wachibadwidwe, koma lamulo loti ufuluwo ugwire ntchito linachedwa. Mu 2006 boma lalikulu, poopa ndalama, linafuna kukankhira udindowo ku maboma a zigawo kuti aliyense adzipangire lake. Bungweli linakana, linati lamulolo likhale la dziko lonse ndipo boma lalikulu lilowetse dzanja m'thumba. Silinali lokha, amabungwe ndi aphunzitsi anali akufuula kale. Lamulolo linadutsa mu 2009 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 April 2010, ndipo mwa zina limalamula sukulu za pulaiveti kusungira ana a mabanja ovutika malo 25 pa 100 m'kalasi yoyamba. Kota inanso imeneyo, mwaiona? Kungoti iyi inali ndi mavoti a makolo mamiliyoni kumbuyo kwake, ndiye andale sanaione kulemera.

Ana analowa m'makalasi, koma kulowa ndi kuphunzira ndi zinthu ziwiri. Chaka chomwecho cha 2005, bungwe lina losakhala la boma lotchedwa Pratham linayamba kuyenda khomo ndi khomo m'midzi, kumupatsa mwana kapepala kuti awerenge. Chaka ndi chaka zotsatira zinkabwera zofanana: pafupifupi theka la ana a kalasi 5 sankatha kuwerenga nkhani ya kalasi 2. Pamene ku Delhi ankakamba za mayunivesite 1,500, kumudzi mwana wa zaka khumi ankagwira chala pa chilembo chimodzi osasuntha. Apa m'pamene ndimati pagome paja pakanakhala mphunzitsi wa pulayimale mmodzi, wa choko m'manja, mwina kalata yoyamba kutchuka ikanakhala ya kuwerenga.

Ndipo nzeru zimene ankakambazo sizikhala m'makoleji mokha. Ku India anthu pafupifupi 90 pa 100 ogwira ntchito ali ngati ife, odzilemba okha kapena aganyu, opanda kalata ya ntchito. Katswiri wina wa zachuma, Robert Jensen, anatsatira asodzi a ku Kerala pakati pa 1997 ndi 2001, pamene mafoni a m'manja ankafika m'mbali mwa nyanja. Kale msodzi ankangokocheza padoko lakwawo. Nsomba zikachuluka ankazitaya, pomwe doko lina chapafupi ogula akusowa katundu. Atayamba kuimba foni adakali panyanja kufunsa mitengo, kutaya nsomba kunatha, phindu la asodzi linakwera ndi pafupifupi 8 pa 100, ndipo mtengo kwa ogula unatsika ndi pafupifupi 4 pa 100. Aliyense amene anaodapo tomato wambiri tsiku limene msika wadzaza tomato akudziwa kulemera kwa foni imodzi yoimbidwa nthawi yake. Zoona, bungweli linalembapo za ulimi, ntchito zamanja, mankhwala achikuda a kwawoko ndi kuyambitsa mabizinesi. Koma zimenezo sizinamveke ngati za ma IIT, chifukwa amene akanazikokera analibe mpando m'chipindamo.

Nthawi ya bungweli inatha mu March 2009, litapereka malangizo pafupifupi 300 pa mitu 27. A Nilekani anapita kukatsogolera ntchito ya chiphaso cha Aadhaar, a Pitroda anakhalabe mlangizi wa a Singh pa nkhani za luso latsopano, a Mehta ndi mayi Ghosh anapitiriza kulemba ndi kuphunzitsa. Mu 2014 chipani cha Congress chinagwa pa chisankho, boma la a Narendra Modi n'kulowa. Mu 2020 boma latsopanolo linatulutsa ndondomeko yake ya maphunziro, ndipo mkati mwake munali lonjezo lokhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira maphunziro apamwamba, patatha zaka 14 chilembere kalata ya a Pitroda ndi anzawo ija.